Mwana akukagona ku yunivesite ku Joni pa holide: zoti muchite asanalowe pageti

Holide ikamayandikira funso limabwera lomwelomwelo. Wina amandiimika tikutuluka m'tchalitchi, wina amaimba usiku ali ku Lilongwe: mwana wasankhidwa kukakhala masabata awiri kapena atatu pa yunivesite kuno ku Johannesburg, azikagona konko, ndiye timukonzere chiyani? Ndayankha mpaka kukamwa kuuma. Ndalemba pano kuti wofunsa wotsatira ndizingomutumizira.

Ndikunena za maphunziro afupiafupi amene amaitana ana a sekondale, a zaka ngati 14 mpaka 17, kuti akalawe moyo wa pa yunivesite. Masana amakhala m'kalasi, usiku amagona m'nyumba za ophunzira. Kuno nyumba zimenezi amazitcha res. Ife tinazolowera kunena kuti hositelo, koma munthu wa kuno akamva mawu amenewo amaganiza za nyumba za amuna apantchito ngati za ku Jeppe kapena ku Denver, ndipo akulozerani kolakwika. Pofunsa njira muzinena kuti res.

Zambiri ndikulankhula ndi inu makolo ndi osunga ana. Chakumapeto nditembenukira kwa mwanayo.

1. Dziwani kaye amene akuyendetsa pulogalamuyo

Chithunzi cha nyumba ya zipilala ya ku Wits (University of the Witwatersrand) pachikalata sichitanthauza kuti ndi Wits imene ikuyendetsa. Pa holide zipinda zimakhala zopanda anthu, ndiye mabungwe, makampani ngakhale mipingo imachita lendi malowo n'kuchititsa zawozawo. Zambiri mwa izo ndi zabwino ndithu, koma amene ali ndi udindo pa mwana wanu ndi bungwelo, osati yunivesite. Zina ndi zabodza basi: chikalata chokongola pa Facebook, mutumize ndalama yosungitsira malo, mawa lake nambala yazima.

Imelo yochokeradi ku yunivesite imathera ndi wits.ac.za kapena uj.ac.za. Imbani ku yunivesiteko pa nambala imene mwaipeza nokha pa webusayiti yawo, osati imene ili pachikalatacho, mufunse ngati akulidziwa gululo. Akakupatsani akaunti ya kubanki ya dzina la munthu, imani kaye.

Funsaninso kuti ndi kampasi iti. Wits ili ku Braamfontein, kumene msewu wa M1 unaidula pakati kukhala East Campus ndi West Campus, koma ilinso ndi makampasi ndi nyumba zogona ku Parktown. UJ (University of Johannesburg) ili ndi makampasi anayi: Kingsway ndi Bunting Road ku Auckland Park, wina ku Doornfontein, wina ku Soweto. Anthu amangofupikitsa kuti APK, APB, DFC ndi SWC. Kuuza dalaivala kuti "ku UJ" sikokwanira. Ndipo kumene mwana azigona sikungakhale komwe aziphunzira, choncho mudziwe malo onse awiri ndi amene azimuyendetsa pakatipo.

2. Werengani masiku, musadalire dzina la nyengo

Zikalata zina zimalemba kuti summer potengera ku America ndi ku Ulaya, kumene Juni ndi Julayi kumatentha. Kuno miyezi imeneyo ndi chisanu chenicheni. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kumtunda kuposa tauni ya Dedza. M'mawa wa Julayi udzu umayera mbuu, usiku kumatsika pansi pa madigiri 5, nthawi zina mpaka 0. Masana dzuwa limawala bwinobwino, ndipo ndi limene limapusitsa olongedza katundu. Disembala ndi Januwale ndiye kumatentha, madzulo kumabwera mvula yamabingu, pena ya matalala.

Ana a kuno amatsekera kumapeto kwa Juni mpaka mkati mwa Julayi. Ku Malawi nthawi imeneyo teremu yachitatu imakhala isanathe, a Fomu 4 ali pa MSCE. Ngati mwana akuchokera kumudzi, kaonaneni ndi ahedi musanalipire kalikonse.

3. Mapepala

Wokhala kuno kale: setifiketi yobadwira, pasipoti kapena chitupa chimene ali nacho, ndi zitupa zanu. Jambulitsani makope, mupite nawo ku polisi pamodzi ndi mapepala enieniwo akadinde. Kudinditsa ku polisi n'kwaulere. Ambiri safuna chidindo chopitirira miyezi itatu, ndiye musatenge makope a chaka chatha.

Wochokera ku Malawi: pasipoti yathu imalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30. Tsiku limene alemba pachidindo pa malire a Beitbridge kapena pa bwalo la ndege la OR Tambo ndi limene limagwira ntchito, choncho aliwerenge asanachoke pakauntala. Wopitirira masiku amaletsedwa kulowanso kwa chaka kapena kuposa, ndipo n'zomvetsa chisoni kwa mwana amene mwina akufuna kudzaphunzira konkuno. Oyendetsa pulogalamu akutsimikizireni polemba kuti kulowa ngati mlendo n'kokwanira pa maphunziro awowo.

Mwana wosakwana zaka 18 akamayenda yekha amafunika kope ya setifiketi yobadwira, kalata ya makolo yovomereza ulendowo, makope a zitupa za makolo ndi manambala awo, komanso kalata ya munthu amene akukamulandira, yokhala ndi adiresi, nambala ndi kope ya chitupa chake. Ngakhale akuyenda ndi azakhali ake, kalata ya makolo ikhale m'chikwama. Ulendo wa pabasi umadutsa Mozambique ndi Zimbabwe, malire atatu, kugona m'njira. Ine sindingakweze mwana wa zaka 15 yekha ndi matransipota, ngakhale atakhala a kwathu. Ndipo pa Park Station, pamene mabasi amafikira kuno, pakhale munthu basi isanafike, osati wonyamuka kunyumba atamva kuti yafika.

4. Sankhani munthu wa mwana kuno ku Joni

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ambiri timangothamangapo.

Adzakutumizirani mafomu. Ina amaitcha indemnity form, imene mukasayina mukuvomera kuti mwana achite nawo zonse ndiponso kuti pa ngozi zina simudzawaimba mlandu. Iwerengeni yonse, ndipo pamene simunamve funsani. Ina ndi ya zaumoyo. Ndiye pamakhala timizere tiwiri kapena titatu tofunsa dzina la munthu woti aimbiridwe pakagwa vuto, ndi mayina a anthu ololedwa kudzatenga mwana. Timizere timeneti timadzazidwa mothamanga, dzina la m'bale aliyense amene wabwera m'mutu, mwini wake osauzidwa n'komwe.

Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mlonda wa pageti la res sadziwa mwambi umenewo, ndipo akuchita bwino kusaudziwa. Malume akafika Loweruka ndi galimoto kuti atenge mphwawo akadye nsima kunyumba, dzina lawo likapanda kupezeka pamndandanda abwerera okha. Angalumbire, angaonetse zithunzi za paukwati, mwanayo angalire kuti ndi malume angadi, sizithandiza. Kenako mkwiyo umabwera kwa inu makolo, kuti munawachititsa manyazi.

Munthu woyenera kulembedwa ndi wotere.

Akhale woti angafike pageti pasanathe ola limodzi, ngakhale 11 koloko usiku. M'bale wa ku Diepsloot, Tembisa kapena Orange Farm wopanda galimoto angakhale wamtima wabwino, koma usiku matakisi amakhala atasiya kuyenda. Wa ku Brixton, Mayfair kapena Melville ali pafupi ndi Auckland Park ndi Braamfontein. Ngati woyenera ali kutali, musiyireni ndalama ya Uber kapena Bolt yopita ndi kubwera, ndipo mumuuze kuti ndi ya chiyani.

Akhale woti angachoke pantchito. Achemwali amene amagona kuntchito ku Bryanston sangangotsegula geti n'kumapita. Awauziretu abwana kuti masabata amenewa pali mwana amene ndikumuyang'anira. Mlonda wogwira usiku, kapena wa mu resitilanti amene foni imakhala mu loka mpaka aweruke, asakhale woyamba pamndandanda.

Akhale woyankha manambala achilendo. Ambiri a ife sitiyankha nambala yoyamba ndi 011, ya m'maofesi a kuno, poganiza kuti ndi otsatsa malonda kapena angongole. Mupatseni manambala a ku res asunge m'foni.

Dzina lilembedwe monga lilili pachitupa chake. Tonse timamudziwa kuti bambo a uje, kapena ndi dzina la mfunda, koma pasipoti ili ndi dzina lina limene ena a ife sitinalimvepo. Pemphani chithunzi cha chitupacho mukopere chilembo ndi chilembo.

Ndiye pali funso limene timachita nalo manyazi: mapepala awo ali bwino? Funsani mwaulemu, muli awiri. Munthu amene masiku ake anatha adzazengereza kupita pamalo pamene akudziwa kuti akamufunsa chitupa, kaya pageti kaya kuchipatala, ndipo simungamudzudzule. Musamusenzetse katundu ameneyu. Angathandize m'njira zina, koma pafomu palembedwe wina.

Pomaliza, mufunseni mwanayo payekha ngati ali womasuka ndi munthu ameneyu, makamaka mwana wamkazi. Akazengereza, musamufunse zambiri pamaso pa anthu. Sinthani dzina, nkhaniyo mudzakambe bwino awiri.

Mupeze anthu awiri, osati mmodzi. Ndipo mudziwe malire awo. Lamulo la ana la dziko lino, Children's Act la 2005, limalola mwana wopitirira zaka 12 amene akumvetsa bwino zinthu kuvomera yekha chithandizo cha kuchipatala. Koma pa opaleshoni pamafunika kholo kapena womusunga mwalamulo, kupatula pangozi yoti sangadikire, pamene mkulu wa chipatala angavomereze. Malume sangasayinire opaleshoni chifukwa choti ndi malume. Ndiye ngati muli ku Malawi, foni yanu ikhale yoyaka usiku onse, ndipo perekaninso nambala ya neba kuchitira kuti magetsi angakuthimireni.

Mukatha mbali yanu, afunseni eni pulogalamu mbali yawo, akuyankheni polemba. Ndani wamkulu amene amagona m'nyumbamo usiku? Mkulu woyang'anira res amatchedwa warden, koma pa holide si nthawi zonse pamene amakhala ndi udindo pa alendo. Amene amakhala pafupi ndi ana ndi amene amawatcha mentor, ndipo kawirikawiri ameneyu ndi wophunzira wa pa yunivesite pomwepo wa zaka 20 kapena 21, mwana mnzawo wokulirapo pang'ono. Si cholakwika, koma pamwamba pake pakhale munthu wamkulu amene muli ndi dzina ndi nambala yake. Anyamata ndi atsikana amagona motalikirana bwanji? M'nyumbamo mutsala ophunzira akuluakulu a pa yunivesite? Zitseko amatseka nthawi yanji? Mwana akadwala usiku amapita naye kuti, ndani, ndipo amalipira ndani? Musangoganiza kuti kiliniki ya pakampasi imalandira aliyense nthawi iliyonse. Ngati muli ndi medical aid, imene ndi inshuwalansi ya kuchipatala, kope ya khadi ipite nawo. Ngati mulibe, neneni poyera kuti adziwiretu kuti ndi ku chipatala cha boma, monga Charlotte Maxeke ku Parktown kapena Helen Joseph kufupi ndi Auckland Park.

Gulu limene likukwiya ndi mafunso amenewa musalipatse mwana.

5. Katundu

Funsani ngati amapereka zofunda. Ngakhale atati amapereka, mu Julayi onjezerani bulangete lokhuthala. Wochokera ku Malawi asavutike kulinyamula, agule konkuno ku PEP. Majuzi awiri, jekete, chipewa chaubweya, masokosi ambiri, ndi botolo lija la labala lothiramo madzi otentha. Hita, kandulo ndi kachitofu kamagetsi malo ambiri amaletsa chifukwa cha moto, ndipo akazipeza amalanda.

Pulagi ya ku Malawi ya mano atatu amakona siilowa pakhoma la kuno, limene limafuna mano ozungulira. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, chofunika ndi adaputa basi. Mugule isanafike nthawi yogona tsiku loyamba.

Zina: loko yaing'ono ya pakabati, masilipasi osambira chifukwa mabafa ndi a gulu, thaulo, sopo wochapira, tochi ndi power bank kuchitira kuthima kwa magetsi, botolo la madzi akumwa. Madzi a pampopi kuno amamweka, koma amatha kusiya tsiku lonse. Mafuta odzola ndi opaka pamilomo musaiwale, mphepo ya chisanu kuno ndi youma moti milomo imang'ambika ndipo ana ena amatuluka kamfuno.

Ufa ndi usipa zisiyeni, kulibe kophikira. Mtedza wokazinga ndi wabwino, koma afunse kaye mnzake wa m'chipinda chifukwa pali ana amene mtedza umawadwalitsa koopsa.

6. Foni ndi ndalama

Simukhadi ya kuno siigwira ntchito isanalembetsedwe. Kulembetsako amati RICA, ndipo kumafuna chitupa ndi umboni wa kumene munthu akukhala. Chapafupi n'chakuti wamkulu wa kuno agule n'kulembetsa mwana asanafike. Intaneti ya pakampasi si nthawi zonse pamene alendo amapatsidwa, ndiye muikemo bandulo.

Ndalama musamupatse yonse pakamodzi. Pang'ono m'thumba, ina muzitumiza sabata ndi sabata. Mabanki a kuno ali ndi njira zotumizira ndalama pa nambala ya foni, monga eWallet ya FNB kapena CashSend ya Absa, mwana n'kukatapa pa ATM popanda khadi.

Manambala alembedwe papepala, chifukwa foni ikabedwa amapita nayo limodzi: anu, a anthu awiri aja, a alonda a pakampasi, 10111 ya polisi, 10177 ya ambulansi, 112 imene imaimbika pafoni iliyonse ya m'manja, ndi 116 ya Childline, bungwe lothandiza ana.

7. Malungo

Ku Johannesburg kulibe malungo, ndipo pachifukwa chomwecho si chinthu choyamba chimene anthu a kuno amaganiza mwana akatentha thupi. M'nyengo yozizira aliyense amati ndi chimfine. Koma mwana amene walumidwa ndi udzudzu ku Salima kapena pa Tete ali m'basi angayambe kudwala patatha sabata imodzi, awiri kapena kuposa, ali kale mu res. Lembani pafomu ya zaumoyo ndi zilembo zazikulu kuti wachokera ku dera la malungo ndi tsiku limene wachokako. Muuzeni mwanayo, ndi anthu awiri aja, kuti akangomva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'thupi anene tsiku lomwelo kuti ndachokera ku Malawi, mundiyeze malungo. Panado amangobisa. Izi zikukhudzanso mwana wa konkuno amene wangobwera kumene kokaona agogo.

Mankhwala amene amamwa nthawi zonse, kaya a mphumu, a khunyu kapena ma ARV, apite okwanira masiku onse ndi owonjezera. Mungapemphe kuti nkhaniyo aidziwe wamkulu mmodzi yekha.

8. Tsopano iwe mwanawe

Khadi imene akupatse ndi kiyi wa geti, wa nyumba, nthawi zina ndi wa chakudya. Usabwereke munthu, usalowetsere munthu, ngakhale akhale wovala bwino wonena kuti wayiwala yake. Ikatayika nena pompo.

Usiku woyamba kambirana ndi mnzako wa m'chipinda: magetsi tizithima nthawi yanji, foni tiziyankhira kuti, chobwerekana ndi chiti. Ngati umapemphera m'mamawa, muuze. Ukatuluka, ngakhale kupita kubafa, khoma.

Kodyera amatsegula ndi kutseka pa nthawi yake, ukachedwa wagona ndi njala. Nsima yawo amati pap. Siikoma ngati ya amayi ako, idya. Ngati sudya nkhumba kapena umadya za halaal zokha, zikhale zitalembedwa pafomu, ndipo ukumbutse tsiku loyamba.

Tinakulera kuti wamkulu akamalankhula uziyang'ana pansi. Usunge ulemuwo, koma kumeneko wokhala chete amamuyesa kuti zonse zili bwino. Kubafa kukakhala kopanda madzi otentha, nena. Phunziro likakupita, kweza mkono. Wina akamakutchula mayina chifukwa ndiwe Mmalawi, kapena wamkulu aliyense akamakuitanira kuchipinda chake kapena kukulembera mauthenga usiku, uza wamkulu wa pulogalamu ndipo utiuze ife tsiku lomwelo. Kudandaula si mwano.

Ukumana ndi olankhula isiZulu, Sesotho, Setswana, Xitsonga ndi zina. Sawubona ndi Dumela zikutsegulira zitseko, ndipo upatsenso moni amayi okonza m'nyumba ndi alonda. Ukapeza Mmalawi mnzako kondwa, koma musamangokhala awiriwiri masabata onse.

Kunja kwa geti usatuluke popanda chilolezo. Braamfontein ndi yokopa, misewu ya Jorissen, De Korte ndi Juta imadzaza achinyamata, koma foni ya m'manja poyenda imapita m'kuphethira kwa diso. Mowa lamulo limaletsa kwa wosakwana zaka 18, ndipo mapulogalamu ambiri akakugwira amakubweza osabweza ndalama. Ngati ndi mu Disembala kapena Januwale ndipo muli pabwalo, bingu likangogunda lowa m'nyumba. Mphezi za kuno zimapha.

9. Tsiku lokamusiya, ndi masiku otsatira

Pitani ndi mmodzi mwa anthu awiri aja kuti oyang'anira amuone nkhope, nayenso aone geti lolowera. Lowani m'chipinda, jambulani chilichonse chothyoka kapena chothimbirira, matiresi, zenera, chitseko cha kabati, ndipo chilembedwe papepala limene akupatseni. Kupanda kutero mudzalipira zimene anawononga ena. Mukatero tsanzikani muzipita.

Gwirizanani nthawi imodzi yoimbirana patsiku, madzulo akatha kudya. Masiku awiri kapena atatu oyamba ana ambiri amalira kuti mudzanditenge. Mufunseni zinthu zogwirika: wadya chiyani, wagona bwanji, mnzako dzina lake ndani, pali amene wakuchita chipongwe? Ngati ndi kupukwa chabe, mulimbikitseni, kumatha. Koma akati akudwala, akuopa munthu wina, kapena mwana wolongolola wangoti zii, imbirani wamkulu wa pulogalamu usiku womwewo ndipo mutume munthu wanu akamuone ndi maso.

10. Tsiku lotuluka

Funsani nthawi yeniyeni yotulukira, chifukwa kawirikawiri imakhala m'mawa, pamene basi ya ku Malawi mwina ndi ya tsiku lina. Mudziwiretu kumene mwana akagone usiku umenewo. Abweze kiyi ndi khadi, asayinitse kuti chipinda wachisiya bwino, ndipo ngati munalipira ndalama ya chikole mufunse kuti ibwera liti komanso mu akaunti iti. Setifiketi ndi nambala kapena imelo ya mphunzitsi amene angadzamulembere kalata yomuchitira umboni atengeretu asanatuluke. Wodzamutenga abwere ndi chitupa chomwe chija chimene dzina lake munakopera pafomu.